Kuyeza Mafunde a Wailesi a Ma Alamu Opanda Mawaya: Mafunso ndi Mayankho

Alamu yopanda mawaya imasenza ntchito ziwiri zokokana. Wakuba akangokankha zenera, uthenga uyenera kufika nthawi yomweyo ku bokosi lalikulu lomwe lili kuseri kwa makoma angapo. Koma alamu yomweyo iyeneranso kukhala duu pafupifupi tsiku lonse, kuti isasokoneze ena amene akugwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Kuyeza kumene tikukamba pano kumayang'ana mbali yachiwiriyi, ndipo anthu ambiri amasokonezeka poganiza kuti kumayang'ananso yoyamba. M'munsimu muli mafunso amene opanga zipangizo, oitanitsa katundu, amisiri oika ma alamu ndi ogula amakonda kufunsa.

Alamu ya m'nyumba ikukhudzana bwanji ndi wailesi?

Kasensa kamene mumamata pachitseko ndi kawailesi koulutsa. M'kati mwake muli batire, kaswitchi komvera maginito, kachipangizo kopanga mafunde ndi eriyo, yomwe nthawi zambiri imakhala kawaya kopotana kapena kamzere ka mkuwa pa bolodi. Chitseko chikatseguka maginito amatalikira, kasensako n'kuponya uthenga waufupi wonena nambala yake ndi chimene chachitika. Sensa yoona kuyenda kwa munthu, yomva utsi, rimoti ya pamakiyi, batani loitanira thandizo, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Bokosi lalikulu, limene amisiri amati panelo, limamvera zonsezi, ndipo masiku ano limakhalanso ndi SIM kapena Wi-Fi yotumizira uthenga ku foni yanu.

Malamulo amagawa pawiri mafunde otuluka m'chipangizo. Pali amene chipangizocho chinapangidwira kutulutsa, ndiye pali ongotayika, ochokera ku wotchi ya m'kati mwa purosesa, ku adaputala ya magetsi, ngakhale ku chigawo cholandira uthenga. Mitundu yonse iwiri ili ndi malire ake.

Akamati akuyeza, amayeza chiyani kwenikweni?

Choyamba ndi mphamvu ya funde lenileni lonyamula uthenga. Ku America amayeza kulimba kwa fundelo pa mtunda wa mamita 3, mu ma microvolt pa mita. Ku Ulaya amawerengera mphamvu yotuluka pa eriyo, mu ma milliwatt. Chachiwiri ndi m'lifupi mwa fundelo: kodi likukhala pamalo pake, kapena likusefukira kwa oyandikana nawo? Lamulo la ku America la masensa otere limati m'lifupi musapitirire 0.25 peresenti ya frequency yake (kuchuluka kwa maulendo amene funde limagwedezeka pa sekondi, koyezedwa mu kHz, MHz kapena GHz), ndiye kuti pa 433.92 MHz chipangizo chili ndi malo opitirira pang'ono 1 MHz.

Kenako amafufuza zinyalala zonse zimene chipangizo chikutaya pa ma frequency ena, amawerenga nthawi imene chimakhala chikuulutsa, n'kuonanso ngati funde lake limasuntha kukazizira, kukatentha kapena batire likayamba kutha. Miyezo ya ku Ulaya imatha kuika chipangizo m'bokosi lozizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, kenako lotentha mpaka madigiri 55. Panelo, popeza imalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, amaiyezanso phokoso limene imabweza m'mawaya, kuyambira 150 kHz mpaka 30 MHz.

Palinso kuyeza kumene ambiri samakuyembekezera: chipangizo chili phee, chikungomvera. Zolandirira zakale zotsika mtengo za mtundu wa superregenerative zimatulutsa phokoso pomwe zikumverapo, ngati munthu wong'ung'udza pakati pa msonkhano. Ku Ulaya malire a phokoso lotuluka pa nthawi yomvera ndi ma nanowatt 2 pansi pa 1 GHz.

Amaika malirewa ndani?

Pamwamba pali ITU, bungwe la United Nations loona za mauthenga ndi mafunde, limene linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu pa nkhani ya mafunde: choyamba ndi Ulaya, Africa ndi Middle East, chachiwiri ndi maiko a ku America, chachitatu ndi mbali yaikulu ya Asia ndi Pacific. Koma lamulo lomanga munthu ndi la dziko lililonse palokha.

Ku United States ndi FCC, bungwe la boma loyang'anira mafunde, ndipo malamulo ake a zipangizo zosafuna laisensi ali mu Part 15. Ndime imene opanga ma alamu amaidziwa pamtima ndi 15.231. Njira zoyezera zili mu ANSI C63.10 ndi ANSI C63.4. Ku Canada kuli nthambi ya boma ya ISED ndi muyezo wa RSS-210, wofanana kwambiri ndi wa oyandikana nawowo. Ku European Union lamulo lalikulu ndi Radio Equipment Directive 2014/53/EU, limene linayamba kugwira ntchito mu June 2016, ndipo tsatanetsatane wake ali m'miyezo ya ETSI, bungwe la ku Ulaya lolemba miyezo ya zamauthenga: EN 300 220 ya zipangizo zoulutsa pafupi pakati pa 25 ndi 1000 MHz, ndi EN 301 489 ya kusasokonezana kwa zipangizo. Kagawidwe ka ma frequency kali m'chikalata cha CEPT, bungwe la maiko a ku Ulaya loona za mapositi ndi mauthenga, chotchedwa ERC Recommendation 70-03.

Maiko ambiri amene alibe malabotale awo amalandira malipoti olembedwa potsata ETSI kapena FCC, koma amafunabe kuti mtundu wa chipangizocho uvomerezedwe ndi bungwe lawo loyang'anira mafunde usanagulitsidwe. Lipoti lakunja ndi umboni chabe. Chilolezo amapereka ndi eni dziko.

N'chifukwa chiyani alamu yololedwa kwina ingakhale yoletsedwa kwina?

Chifukwa malo amene dziko lina linasiyira tizipangizo ting'onoting'ono, dziko lina linawapereka kale kwa ena. Ku America chigawo cha 902 mpaka 928 MHz n'chotseguka kwa zipangizo zopanda laisensi. Ku Ulaya ndi ku Africa, pakati pa 890 ndi 915 MHz m'pamene mafoni a GSM amalankhulira ndi nsanja. Alamu ya 915 MHz ikawoloka nyanja, imakatera m'munda wa kampani ya mafoni imene inalipira laisensi. Zimachitikanso mobwerera: 868 MHz imene ku Ulaya ndi kwawo kwa ma alamu, ku America ili ndi eni ake.

Masensa a ku America mumawapeza kwambiri pa 315, 319.5, 345 ndi 433.92 MHz. Ku Ulaya 433.05 mpaka 434.79 MHz n'pololedwa mpaka ma milliwatt 10, koma pamenepo pamadzaza: mageti, marimoti a galimoto, zoyezera nyengo, mabelu a pakhomo, onse ali pomwepo. N'chifukwa chake anapatula timalo tina ta ma alamu okhaokha. Pa 868.6 mpaka 868.7 MHz amalola ma milliwatt 10, pa 869.65 mpaka 869.7 MHz amalola 25, ndipo 869.2 mpaka 869.25 MHz anasungira mabatani amene okalamba ndi odwala amaitanira thandizo. Timaloti n'topanikiza, 100 kHz kapena 50 kHz basi, moti chipangizo chimene funde lake limayendayenda sichingakhalemo.

Tsiku loyeza limayenda bwanji?

Chipangizo chimalowetsedwa m'chipinda chomangidwa ndi zitsulo mbali zonse, kuti mafunde a panja, a FM, a TV, a mafoni, asalowemo. Makoma ndi denga amakutidwa ndi matailosi a ferrite ndi zosongoka zonga siponji, zomeza mafunde kuti asabwerere. Pansi pamasiyidwa chitsulo chosakutidwa, dala, kuti pazibweza mafunde monga imachitira nthaka. Kale ntchitoyi inkachitikira pabwalo, ndipo mabwalo otero alipobe, koma mlengalenga munadzaza phokoso moti kusiyanitsa funde la chipangizo ndi la wailesi ya m'tauni kumadya nthawi.

Sensa imaikidwa pa tebulo losakhala lachitsulo, masentimita 80 kuchokera pansi, ndipo tebulolo lili pa chimbale chozungulira. Mamita 3 kapena 10 kuchokera pamenepo pali eriyo yoyezera, yopachikidwa pa mlongoti. Chimbale chimazungulira madigiri 360, eriyo imakwera ndi kutsika pakati pa mita imodzi ndi mamita 4, imagonekedwa kenako n'kuimikidwa. Kachipangizo kamene munthu angakagwire mulimonse, monga rimoti, amakayeza chogona, choimirira ndi chapambali. Cholinga cha kuzungulira konseku n'chimodzi: kupeza pamene chipangizo chikuchita phokoso kwambiri. Nambala yolembedwa mu lipoti ndi yoipitsitsayo, osati ya pakatikati. Batire limakhala latsopano, pakuti m'pamene mphamvu imakhala yochuluka.

Akapitirira 1 GHz amasintha eriyo n'kuika yooneka ngati lipenga, amayala zomeza mafunde pansi, tebulo n'kulikweza kufika mita imodzi ndi theka. FCC imafuna kuti afufuze mpaka frequency yoposa ya chipangizo ka 10, ndiye kuti sensa ya 433.92 MHz imayang'anidwa kupitirira 4.3 GHz.

Pali vuto limodzi lodziwikiratu. Sensa imaulutsa kanthawi kochepa kuposa kuphethira, pomwe chimbale chimazungulira pang'onopang'ono. Choncho wopanga amabweretsa zitsanzo zingapo: china chokhala ndi pulogalamu yapadera youlutsa mosalekeza, china cha pulogalamu yeniyeni ya pamsika yowerengera nthawi, ndipo nthawi zina china chimene anachotsa eriyo n'kulumikizapo chingwe cholunjika ku makina oyezera. Amene afika ndi chitsanzo chimodzi chokha, choti munthu azidina batani kunja kwa chitseko chotseka, amataya tsiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma labotale imawerenga maola.

Bwanji malamulo amalowerera ngakhale pa kutalika kwa uthenga?

Apa m'pamene ma alamu amasiyana ndi zipangizo zina, ndipo kwa ine ndi mbali yosangalatsa kwambiri ya nkhani yonseyi.

Ndime 15.231 ili ngati malonda osinthana: tikulolani kufuula kwambiri, inu mulonjeze kufuula kamodzikamodzi. Malire wamba pakati pa 216 ndi 960 MHz ndi ma microvolt 200 pa mita. Sensa ya alamu pa 433.92 MHz imaloledwa pafupifupi 11,000, pa 315 MHz pafupifupi 6,000. Posinthana ndi zimenezi, rimoti iyenera kuleka kuulutsa pasanathe masekondi 5 munthu atachotsa chala, ndipo sensa yodziyambitsa yokha iyeneranso kuleka m'masekondi 5. Kuulutsa mobwerezabwereza pa nthawi yoikika n'koletsedwa.

Koma alamu singakhale chete mpaka kalekale. Sensa ikafa, ikathera batire kapena wina akaizula, panelo ingadziwe bwanji? Kukhala zii kwa sensa yakufa n'kofanana ndi kukhala zii kwa nyumba yamtendere. N'chifukwa chake sensa iliyonse imatumiza kauthenga kongoti "ndilipo" nthawi ndi nthawi. Lamulo linatsegula kakhomo ka zimenezi: mauthenga otsimikizira kuti chitetezo chili bwino amaloledwa, bola onse pamodzi asapitirire masekondi 2 pa ola pa chipangizo chilichonse. Ndipo ngozi yeniyeni ikachitika, moto, kuba kapena moyo wa munthu uli pachiswe, chipangizo chingaulutse nthawi yonse ya ngoziyo.

Ku Ulaya amawerenga ndi maperesenti a ola, zimene amati duty cycle. Pa 868.6 mpaka 868.7 MHz ndi 1 peresenti, kutanthauza masekondi 36 pa ola. Pa 869.25 mpaka 869.3 MHz ndi 0.1 peresenti, masekondi 3.6. Tsono taonani mmene zimapanikizira. Muyezo wa chitetezo wa EN 50131 umagawa ma alamu m'magiredi 4, ndipo giredi 2 imafuna kuti sensa imveke pa mphindi 120 zilizonse, pomwe giredi 3 imafuna masekondi 100 aliwonse. Masekondi 100 ndiye kuti maulendo 36 pa ola. Pa malo a 0.1 peresenti, uthenga uliwonse sungapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, osawerengera mauthenga a alamu enieniwo. Muyezo wina ukukankha kuti lankhula pafupipafupi, wina ukuti khala chete, batire nalo likufuna kukhala zaka. Luso la wopanga lili pakati pamenepo.

Ndinamva zoti pali "kuchotsera" pa nambala yoyezedwa. Si chinyengo chimenecho?

Ayi, n'zololedwa. Malire a FCC amawerengedwa pa avereji ya ma millisecond 100. Sensa zambiri zimatumiza uthenga poyatsa ndi kuzimitsa funde mofulumira, ndiye ngati m'ma millisecond 100 fundelo linayaka 25 okha, amachotsera 12 dB (ma decibel, muyezo woyerekezera mphamvu ziwiri) pa nsonga yoyezedwa. Pali polekezera: nsongayo isapose malire a avereji ndi 20 dB, kutanthauza ka 10.

Chofunika kusamala n'chakuti kuwerengeraku kuchitike pa uthenga woipitsitsa. Nambala ya sensa iliyonse ndi yosiyana, ndipo nambala ina imayatsa funde nthawi yaitali kuposa inzake. Woyeza waulesi amatenga ya chitsanzo chimene chili pa tebulo basi.

Ma harmonic ndi chiyani, ndipo bwanji amatchulidwa kwambiri?

Palibe chipangizo chotulutsa funde loyera kotheratu. Pambali pa funde lenileni pamatuluka ana ake, pa frequency yowirikiza kawiri, katatu, kanayi, mpaka m'tsogolo. Amenewa ndiwo ma harmonic. Mukakankha chokweza mphamvu kuti uthenga ufike patali, anawo amakulanso, nthawi zambiri mofulumira kuposa kholo. Walira mvula walira matope.

Vuto si kukhalapo kwawo chabe, koma kumene akugwera. FCC ili ndi mndandanda wa zigawo zotetezedwa, za ndege, za masetilaiti, za akatswiri omvera mafunde ochokera ku nyenyezi. Wirikizani 433.92 katatu mupeza 1301.76 MHz, m'kati mwenimweni mwa chigawo chotetezedwa cha 1300 mpaka 1427 MHz. Kumeneko mwayi wa ndime 15.231 sugwira ntchito. Malire ndi ma microvolt 500 pa mita, osati 1,100 amene harmonic ina ikanaloledwa. Wirikizani 315 kasanu mupeza 1575 MHz, khomo ndi khomo ndi 1575.42 MHz imene GPS imagwiritsa ntchito. Funde la GPS limafika pansi pano litafooka kwambiri, moti kaphokoso kakang'ono kapafupi kangaliphimbe.

Ku Ulaya zinyalala zimaloledwa mpaka ma nanowatt 250 pansi pa 1 GHz ndi microwatt imodzi pamwamba pake, koma m'zigawo za wailesi ya FM ndi TV malire amatsika kufika ma nanowatt 4.

Mankhwala ake ndi sefa ya timakoyilo ndi timakapasita pakati pa chokweza mphamvu ndi eriyo, ndi kukonza bwino mizere ya pa bolodi. Chenjezo kwa odziyezera okha: funde lenileni likalowa lamphamvu mu spectrum analyser, makina oyezera mafunde, makinawo amapanga ma harmonic awoawo. Anthu atayapo masabata akuthamangitsa mzukwa umene sunali m'chipangizo chawo. Labotale yodziwa ntchito imaika sefa yotsekereza funde lenilenilo isanayambe kuyang'ana pamwamba.

Kupatula ma harmonic, n'chiyani chimalepheretsa zipangizo?

Zingwe. Masensa a batire kawirikawiri amadutsa bwino pa phokoso lotayika, chifukwa ndi ang'ono ndipo alibe mchira. Panelo ili ndi chingwe cha magetsi, cha intaneti, cha sairini, cha kiibodi, ndipo chingwe chilichonse ndi eriyo imene palibe anaifuna. Waya wotalika mita imodzi amaulutsa bwino kwambiri chapafupi ndi 75 MHz. Phokoso lobadwira mu adaputala kapena m'purosesa limangokwera pa wayayo n'kutuluka.

Adaputala payokha ndi nkhani. Kampani imayezetsa ndi adaputala yabwino, kenako ogula zipangizo a pakampanipo n'kupeza yotchipa yooneka chimodzimodzi. Lipoti limakhala lomwelo, katundu wa m'bokosi wasintha.

Kwinako ndi pulogalamu: batani la rimoti lopanikizika m'thumba limene silileka pa masekondi 5, kapena sensa imene ikasowa yankho la panelo imabwereza uthenga osatopa mpaka kupyola gawo lake la ola.

Ndagula module ya wailesi yovomerezedwa kale. Ndikufunikanso kuyezetsa?

Inde, ngakhale ntchito imachepa. Chiphaso cha module, kabolodi ka wailesi kopangidwa kale koika m'chipangizo chanu, chimagwira ntchito ngati mwatsata zimene mwini wake analemba: mtundu wa eriyo, mphamvu, mtunda kuchokera pathupi la munthu. Ku America mumalemba kunja kwa chipangizo mawu akuti "Contains FCC ID" ndi nambala ya module. Koma bolodi yanu, adaputala yanu ndi zingwe zanu sizinayezedwepo. Ndipo panelo ikakhala ndi mawailesi awiri kapena atatu oulutsa nthawi imodzi, wa masensa, wa SIM ndi wa Wi-Fi, mafunde awo amasakanikirana n'kubereka ena amene module iliyonse payokha sinatulutsepo.

Chizindikiro cha CE ndi nambala ya FCC ID n'zofanana?

Sizifanana. FCC ID imatanthauza kuti chitsanzo chinayezedwa mu labotale yovomerezeka, lipoti linaunikidwa ndi bungwe lopatsidwa mphamvu lotchedwa TCB, ndipo chiphaso chinalembedwa m'kaundula wa boma. Nambalayo ili ndi mbali ziwiri, ya kampani ndi ya chipangizo, ndipo aliyense angaifufuze pa webusaiti ya FCC n'kuona lipoti, zithunzi ndi ma frequency ololedwa. Ngati nambala ya pa sensa yanu ikukutulutsirani chithunzi cha chidole, mwadziwa kale.

CE, chizindikiro cha ku European Union, ndi mawu a wopanga mwini. Akatsata miyezo yovomerezeka yonse, amaloledwa kudzilembera chikalata chotsimikiza kuti katundu wake akukwaniritsa lamulo, popanda wina womusainira. Akapatuka pa miyezoyo m'pamene amakakamizika kupita ku bungwe lapadera lounika. Ayenera kusunga mafailo onse kwa zaka 10, ndipo oyang'anira misika angawafune tsiku lililonse. Makampani okhulupirika amayezetsa mokwanira. Koma kusindikiza zilembo ziwiri pa pulasitiki sikuvuta, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Woitanitsa katundu apemphe chikalatacho pamodzi ndi lipoti, osakhutira ndi chithunzi cha satifiketi yokongola.

Mmisiri angatalikitse eriyo kuti sensa ya kutali imveke?

Ayi. Chimene chinayezedwa ndi chipangizo pamodzi ndi eriyo yake. N'chifukwa chake ndime 15.203 imafuna kuti eriyo ikhale yomatiriridwa kapena ya polumikizira posapezeka wamba. Kawaya kowonjezera kangakweze funde lenileni, kangakwezenso harmonic, ndipo nthawi zina kamangoononga zinthu, pakuti utali wa eriyo unawerengedwa: pafupifupi masentimita 17 pa 433 MHz, pakati pa 8 ndi 9 pa 868 MHz. Njira yoyenera ndi kusuntha panelo, kuichotsa pafupi ndi zitsulo, kapena kuika chobwereza uthenga chovomerezeka.

Opanga nawonso sangasinthe mwakachetechete. FCC ili ndi magulu a kusintha kololedwa: kwina kumangolembedwa m'mafailo a kampani, kwina kumafuna kuyezanso ndi kutumiza zotsatira, ndipo kusintha mtima wa wailesiyo kumafuna FCC ID yatsopano. Ngakhale kusintha pulogalamu yokha kungakhudze mphamvu ndi nthawi youlutsa.

Ndiye alamu ikakhoza mayesowa, ndiye kuti ndi yodalirika poteteza nyumba?

Ayi, ndipo ili ndi funso lofunika kuposa onse. Mayeso a mafunde otuluka amafunsa ngati alamu yanu ili mnansi wabwino kwa ena. Safunsa ngati ili mlonda wabwino kwa inu. Sensa yofooka imene uthenga wake sudutsa khoma limodzi imakhoza mosavuta. Kunena zoona, kufookako kumaithandiza. Part 15 imanenanso poyera kuti chipangizo chopanda laisensi chiyenera kulandira kusokonezedwa kulikonse kumene chingakumane nako. Palibe amene anakulonjezani njira yoyera.

Mafunso a ulonda amayankhidwa ndi miyezo ina. EN 50130-4 imayesa kupirira: amawomba alamu ndi funde la ma volt 10 pa mita, pomwe zipangizo wamba za m'nyumba zimayesedwa pa 3, amaithetheretsa ndi magetsi onga a m'zovala, amadula ndi kubweza magetsi, n'kuona ngati ingalire popanda chifukwa kapena kugona pamene iyenera kulira. EN 50131-5-3 imayang'ana kulumikizana kwa pa wailesi: mauthenga angati amatayika, kodi wina angalowetse uthenga wabodza, kodi panelo imazindikira wina akamaphimba mafunde dala. Pa giredi 2, kuphimba kokwana masekondi 30 m'kati mwa masekondi 60 kuyenera kudziwika. Ma alamu otsika mtengo amene amatumiza nambala yomweyomweyo nthawi zonse angajambulidwe uthenga n'kuubwereza, ali ndi ziphaso zonse za mafunde m'manja.

Ku European Union anawonjezera mbali ina kuyambira pa 1 August 2025: zipangizo za wailesi zolumikizidwa pa intaneti ziyenera kukwaniritsanso zofunika pa chitetezo cha netiweki ndi zinsinsi za anthu, motsata miyezo ya EN 18031. Panelo yolankhula ndi foni yanu ikugwera m'gulu limeneli.

Komabe mayeso a mafunde sali achabe kwa mwini nyumba. Amakutetezani mozungulira: alamu yanu imamveka chifukwa geti la mnansi, belu lake ndi rimoti yake nazonso zinakakamizidwa kulankhula mwachidule.

Mafundewa angavulaze anthu a m'nyumba?

Sensa imatulutsa ma milliwatt ochepa kwa masekondi owerengeka pa ola, pomwe foni ya GSM imatha kufika ma watt 2 ili pakhutu. Muyezo wa EN 62479 umati chipangizo chosapitirira ma milliwatt 20 pa avereji chimakwaniritsa malire a pathupi popanda kuyeza kwina. Panelo yokhala ndi SIM amaiwerengera pa mtunda wa masentimita 20 kuchokera kwa munthu.

Ndapatsidwa lipoti la masamba ambirimbiri. Ndiyang'ane pati?

Yambani ndi dzina ndi nambala ya chipangizo, muone ngati zikufanana ndi zimene zili m'manja mwanu. Tsegulani zithunzi za m'kati, mutsegulenso chitsanzo chanu: bolodi ndi yomweyo? eriyo? adaputala? Onani ngati labotale ili yovomerezedwa motsata ISO/IEC 17025, ndiponso ngati chivomerezocho chikuphatikiza miyezo imene yatchulidwa, pakuti labotale ingakhale yovomerezeka pa ntchito ina osati iyi. Onani chaka cha muyezo umene anagwiritsa ntchito, chifukwa miyezo imakonzedwanso. Onani frequency: makampani amapanga sensa imodzimodzi ya 433, ya 868 ndi ya 915 MHz m'chikhokho chofanana, ndipo lipoti la imodzi siliimira zinzake.

Kenako pitani pa matebulo a zotsatira, pa mzere wosonyeza mpata wotsala kuti malire afikidwe. Kusiyana kwa 6 dB ndi kuwirikiza kawiri kwa kulimba kwa funde. Kuyeza kwa m'chipinda kumakhala ndi kukayikitsa kwa ma dB angapo, ndipo zipangizo zotuluka m'fakitale sizifanana ndendende. Chitsanzo chimene chinadutsa ndi 0.5 dB pa harmonic yachitatu chakhoza mwalamulo, koma mwa masensa 1,000 a m'katoni ena adzakhala pamwamba pa mzere. Mukaona nambala yotero, funsani wopanga ngati amayeza zitsanzo zochokera pa mzere wa fakitale, kangati, ndipo akuonetseni zotsatira za ulendo womaliza.